Fani ya Galimoto ya Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula mawondo a bambo amene sasowa chodandaula.

Ndiyambe ndi bodza limene azakhali akufalitsa pafoni. Bambo sanasokonezeke mutu. N'zoona kuti anawapeza ataima pakati pa msewu, boneti ikufuka nthunzi, magalimoto akuwaimbira hutala iwo osacheuka. Koma njira yakunyumba sanaiwale, ndipo dzina langa amalitchula bwinobwino akamandikalipira. Ndamva kuti mwagwirizana zowalanda makiyi n'kugulitsa galimotoyo. Ine simunandifunse. Ndikudziwa, wosiyira yunivesite panjira saitanidwa pamene a madigiri akukambirana.

Makaniko wa pakona anangoisuzumira n'kunena kuti injini yapsa, tigule ina. Ameneyo ngakhale mutamupatsa wilibala anganenenso kuti injini yapsa.

Ine ndinafunsa bambo kuti imatentha nthawi yanji. Anati akamathamanga singano yoonetsa kutentha imakhala pakati, koma akangoima pamzere wa magalimoto imakwera. Pamenepo ndinakayikira fani. Galimoto ikamayenda, mphepo imaziziritsa yokha madzi a injini mu rediyeta. Ikaima, ntchitoyo imatsalira fani.

Loweruka tinaikankhira pamthunzi. Madzi ndinali nditathiramo, mapaipi sankadontha, oyilo anali wabwino. Ndinawauza kuti akhale pachiwongolero aziyang'ana singano, ine ndiime kutsogolo. Injini inalira, singano inakwera, fani ili duu. Fyuzi inali yamoyo. Kenako ndinazula rileyi ya hutala, kabokosi kakuda kotsegulira magetsi, kofanana ndi ka fani, n'kusinthanitsa. Fani inabangula mpaka galu amene anagona kunsi anathawa mchira uli m'mimba.

Achemwali, bambo anatulutsa mutu pawindo n'kundifunsa ngati faniyo ikadali chete.

Mukukumbuka tili ana? Ankatikhazika chete tonse kumpando wakumbuyo kuti amve fani ikuyamba, malemu amayi n'kumati tisasokoneze, mkazi mnzawo akulankhula. Bambo galimoto ankaidziwa ndi khutu. Fani inaleka kale kuzungulira, iwo osadziwa, chifukwa phokoso limene ankalidalira linawathera m'makutu. Mahutala ajanso sanawamve.

Ndinawakodola. Anabwera, anaona mapiko akuzungulira, anandiyang'ana. Za makutu sananene, inenso sindinanene. Anangoti hutala ndiibwezere rileyi yake, ya fani tigule yatsopano, tisavule wina kuti tiveke mnzake. Kenako anandipukuta girizi patsaya ndi chala chawo chachikulu, ngati ndine wa kumkaka.

Ndiye ndikupempheni, ngakhale kupempha mukudziwa kuti sindinakuzolowere. Musawalande makiyi. Maso awo ndi akuthwa kuposa lilime langa, ndipo tsopano singano amaiyang'ana pafupipafupi. Mukawachotsera galimoto mwawakhazika pakhonde, ndipo pakhondepo sadzadzukaponso. Chimene akufunika ndi dokotala wa makutu. Ndikawauza ine tikangana, makani ndinatengera iwowo. Inu amakulemekezani. Bwerani mudzawaperekeze nokha. Musawauze pafoni, pafoni amangoti eya, eya, ngakhale mutawauza kuti nyumba ikupsa. Azakhali musawauze chilichonse, angalengeze kuti bambo afa ziwalo zonse.

Mulungu akusungeni, akupatseni mtima wofewa pa nkhaniyi. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti malangizo awo ogulitsa galimoto ndawalandira ndipo ndawasunga pabwino. Ana muwapsompsone, makamaka kakang'ono kolongolola kaja kamene mumati kanatengera ine.

Ndine mlongo wanu wovuta uja.

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Rileyi yatsopano ndaika dzulo. M'mawa uno ndawaona pawindo ataliza injini, ataima okha kutsogolo, chikhato chili pa boneti, akudikira fani iyambe.