Matumba a Kuseri kwa Nyumba Yathu

Loweruka, 5 Okutobala

Lero ndiye tsiku lija losesa msika wa Lirangwe. Dzuwa loswa mtengo kuyambira m'mawa. Anthu anabwera ambiri kuposa momwe ndimaganizira, mwina chifukwa cha matisheti obiriwira. Yanga yaikulu, ikufika m'mawondo.

A Goodson a bungwe lija la zaukhondo la ku Blantyre ndi chimkuzamawu chawo. Akuti zinyalala si zonse zotaya. Zowola pazokha, tipange manyowa. Majumbo ndi mabotolo pazokha, lole idzatenga akasungunule, akaumbire njerwa zoyala pansi. Zitini ndi magalasi pazokhanso. Tatokosa ngalande ya kuseri kwa ziwaya za tchipisi. Zomwe zatulukamo sindilemba.

Amayi amumsika andisankha kukhala wapampando wa komiti yawo. Ine Bushra wogulitsa tomato! Ndinachita ngati ndikukana, koma mumtima ndikuvina.

Vuto linabwera madzulo. Matumba onsewa agona kuti? Oyang'anira msika akuti muno ayi, malo mulibe. Ndinangodzimva ndikuyankhula: kwathu kuli mpanda, komanso ndi pafupi ndi msewu. Anandiombera m'manja. Ndi kanthawi kochepa, lole ikubwera Loweruka likubwerali.

Amuna anga a Aziz sindinawafunse. Anali ku kabaza.

Lolemba, 7 Okutobala

A Aziz akadali okwiya. "Mayi a Ummi, nyumba yanga mwaisandutsa dzala osandiuza?" Ndapepesa. Aliza njinga yawo yamoto, ulendo.

Amene akusangalala ndi apongozi, a Fikirini, bambo awo a Aziz. Chibwerereni kuno kuchoka ku Chileka chaka chatha akazi awo atamwalira, amangokhala pamkeka, kutsokomola, kudikira nthawi ya swala. Tsopano apeza chochita. Akuphwanya mabotolo ndi mwala kuti alowe ambiri m'thumba. Akuti nthawi yawo nyama ankawakulungira m'masamba a nthochi, pofika kunyumba palibe chotaya. Aseka mpaka chifuwa chawagwira. Chichirireni TB, mpweya wawo ndi waufupi.

Mulu uli kuseri, pafupi ndi windo la chipinda chawo. Malo ena palibe.

A Ethel, aphunzitsi opuma aja oyandikana nafe, andithandiza kukumba dzenje la manyowa. Makoko a nthochi, phulusa, tomato woola. Ndasiyanso kuyatsira mbaula ndi jumbo, ndikugwiritsa zitsononkho. Imachedwa kuyaka. Pabenchi langa ndikumawauza makasitomala abwere ndi dengu. Ena akungopita kukagula kwa mnzanga.

Loweruka, 12 Okutobala

Lole sinabwere. Ndinavala tisheti ija m'mamawa, kudikira kumsewu mpaka mutu kuwawa. A Goodson pafoni akuti dizilo akusowa, mzinda wonse uli pamizere. Sabata yamawa mosalephera.

Anthu abweretsanso matumba ena. Ndikanawakana bwanji, poti ndine ndinawauza kuti azisonkhanitsa?

Lachinayi, 17 Okutobala

Tsopano akungoponya pamwamba pa mpanda. Osasankha. M'mawa uno ndapeza jumbo ya mapampasi, ina ya matumbo a nsomba, ina ya nkhuku yakufa. Ndani? Sindikudziwa. Mbiri yamveka kuti kwa a Aziz ndiye kotayira.

Fungo. Ntchentche zobiriwira zija mpaka m'kapu ya tiyi. Ummi ndamuletsa kusewera kuseri, akulira tsiku lonse. Mwana wa zaka zinayi ungamuuze chiyani.

Apongozi asiya kuphwanya mabotolo. Akuti akatsegula thumba akumapezamo mphutsi, ndiye m'manja mwake muja akaswalire nazo? Windo lawo atseka ndi katoni.

Lachitatu, 23 Okutobala

Mbuzi ya a Swaleh, ogulitsa ufa aja, inalowa pachiboo cha mpanda masiku apitawa. Lero yagwa, mimba tuu. Aizinga msanga isanafe. Atang'amba chifu, majumbo okhaokha, opotana ngati chingwe. Abwera nawo m'beseni mpaka pakhomo panga, anthu akuonerera. "Mayi wapampando, katundu wanu uyu. Muike m'thumba loyenera."

Manyazi mpaka kumapazi. Mbuziyo inali ndi bere.

A Aziz tsiku lonse pamzere wa petulo ku Lunzu, abwera ndi kadontho. Ndalama ya ndiwo lero yachokera pabenchi langa, ndipo tomato sakuyenda. Za mbuzi amva kumsewu asanafike pakhomo.

Lole Loweruka lapitali sinabwerenso. Foni ya a Goodson ikungoitana.

Lolemba, 28 Okutobala

Chizimalupsa chagwa Loweruka. Matumba apansi aphulika, madzi akuda ayenderera mpaka pakhonde la kukhitchini. Botolo lililonse lasunga madzi. Udzudzu ukubwera. Makoswe ndiye afika kale, akuthamanga padenga masanasana. Limodzi lawaluma apongozi chidendene ali mtulo.

Alangizi a zaumoyo anadutsa. Sanakalipe, anangoti nyengo ya kolera yayandikira, izi zichoke. Ndinati zipite kuti? Anati mufunse komiti yanu.

Ndaitanitsa komiti. Pa tsiku la matisheti tinali chigulu. Lero abwera a Ethel ndi amayi ena awiri. Ndinapempha kuti tigawane matumbawa, nyumba iliyonse isungeko ochepa. Mmodzi akuti amuna awo sangalole. Wina akuti ali ndi mwana wakhanda. A Ethel atenga omwe akanatha pa wilibala yawo, mpaka msana kuwakana. Mulu sunasinthe n'komwe.

Lachisanu, 1 Novembala

Ndapita ndekha ku Blantyre kukafuna ofesi ya bungwe lija. Benchi ndinatseka. Minibasi yodzadza, mtengo wakweranso.

Kachipinda kamodzi, mipando itasanjikizidwa. A Goodson ndinawapeza. Sanathawe, koma samandiyang'ana kumaso. Akuti ntchito ija thandizo lake linatha mwezi watha, iwonso sanalandire kanthu. Ogula mapulasitiki aja akuti sangatumize lole kutali chonchi dizilo akuvuta, pokhapokha titawapititsira tokha. Tiwapititsire pa chiyani, pamutu?

Ndikutuluka ananditsatira mpaka pakhomo. "Mayi, chilichonse chingachitike, musawotche. Utsi wake ndi poizoni." Ndinati bwerani mudzawauze amuna anga zimenezo. Anangoweramitsa mutu.

Pobwerera ndinkayang'ana m'mbali mwa msewu. Majumbo m'minda, m'mitengo, pansi pa milatho. Kale sindinkawaona.

Lolemba, 4 Novembala

Lachisanu lija ine ndili m'tauni, akuluakulu anawayankhula a Aziz potuluka mumzikiti. Akuti fungo likufika mpaka kwa oyandikana nawo, mwamuna wanji wolephera kulamula pakhomo pake. Anzawo a kabaza nawo akuwatcha bwana wa kudzala.

Dzulo anandiuza maso ali gwa: "Ndiwotcha." Ndinawagwira mwendo. Ndinawauza za a Goodson, za poizoni, za chifuwa cha bambo awo. Apongozi nawonso anati mwananga dikira, mvula ikakhazikika tidzakumba dzenje lalikulu tidzakwirire. A Aziz anati chabwino. Koma chabwino wake sindinamukhulupirire.

Dzuwa labwereranso. Mulu wauma pamwamba.

Lachinayi, 7 Novembala

Ndikulemba pabenchi la chipatala chachikulu ku Blantyre.

Dzulo masana ndili kumsika, Ummi ali nane. Wina anati taonani utsi uko. Wakuda bii, wokwera ngati mtambo, mbali ya kwathu. Ndinadziwa. Ndinasiya tomato, kuberekera mwana, liwiro.

A Aziz anabwerera kunyumba nthawi ya swala ya masana, poganiza kuti bambo awo apita kumzikiti monga mwa masiku onse. Sanasuzumire m'chipinda. Anathira petulo yemwe anamuvutikira pamzere uja, n'kuyatsa. Koma apongozi sanapite. Chidendene chija chinatupa, anangogona. Mphepo inatembenuka, katoni wa pawindo anapsa, utsi wonse m'chipinda.

A Ethel ndi amene anamva kutsokomola. Akuti anakuwa mpaka mawu kutha. A Aziz ndi a Swaleh analowa atadzikulunga nsalu zonyowa, kuwatulutsa atalefuka, milomo itachita mbuu, mphuno zakuda. Ine ndikufika ndinawapeza atawagoneka pansi pa mtengo wa mango, akukoka mpweya ngati munthu womira.

Kuchipatala chathu anatitumiza kuno. Galimoto anapeza ndi a Swaleh, kwa mlamu wawo. A Swaleh omwe aja a mbuzi. Njira yonse anawagwirira mutu pamiyendo pawo.

Moto anthu anazima ndi mchenga ndi ndowa. Nyumba yapulumuka. Denga la khitchini lapita.

A Aziz apsa mkono, akukana kuti awamange.

Lachisanu, 8 Novembala

Apongozi ali pa mpweya wa m'chubu. Adokotala akuti mapapo anali ofooka kale, tingodikira. Ndinafunsa kudikira chiyani. Sanayankhe mwachindunji.

Masana anatsegula maso. Ndinawanyowetsa milomo ndi thonje. Anandikodola, ndinaika khutu pafupi. "Aziz wadya?" Ndinati eya. Bodza. Chichitikireni sanalawe kanthu, angokhala panja pa wodi, patsinde pa khoma, kuyang'ana pansi. Akalowa amaima kumapazi kwa bedi, kenako n'kutuluka.

Alamu anga a Maliyamu, achemwali awo a Aziz, afika kuchoka ku Chileka. Moni wanga sanayankhe. Anandilanda beseni m'manja.

Tsitsi langa likununkhabe utsi. Ndasamba kawiri.

Lolemba, 11 Novembala

Apongozi anatisiya dzulo m'mawa. Kwa Allah tinachokera, kwa Iye tidzabwerera.

Tawaika dzulo lomwelo madzulo kwawo ku Chileka, pafupi ndi akazi awo. Jeneza lonyamula thupi likutuluka, ife amayi tinatsala pakhomo. Ndinalira, koma ndinkamva maso kumsana kwanga. Wina kumbuyo ananong'ona kuti ndi ameneyu wa zinyalala uja.

A Ethel anabwera ndi amayi anzawo a kutchalitchi, anakhala nafe pamphasa mpaka mapeto. A komiti ena sindinawaone.

Munthu amene sanandinenepo mawu oipa chikwatiwireni pabanja pano. Ankanditcha mwana wanga, osati mpongozi.

Lachinayi, 14 Novembala

Tikadali ku Chileka. Dzulo sadaka itatha, abale anatiitanira m'nyumba. Ndinakhala pakona, Ummi pamiyendo.

A Maliyamu ndiwo anayamba. Akuti bambo athu anabwera kwanu akuyenda okha, mwatibwezera m'nsalu yoyera. Akuti mkazi wofuna kutchuka, wokonda kuomberedwa m'manja, anaitana zinyalala za Lirangwe yense kudzaziunjika pawindo la munthu wodwala. Abwerere kwawo. Ena anavomereza ndi mitu. Pa zomwe ananenazo, chabodza chinali chiti?

A Aziz chichokereni kuchipatala anali asanatulutse mawu, ngakhale kwa ine. Anaimirira. Mawu awo osasa ngati a munthu wina. "Machesi anali m'dzanja langa. Anandiletsa uyu, anandiletsanso bambo. Sindinasuzumire n'komwe m'chipinda. Mukathamangitsa iyeyu, ine mundipititsa kuti?"

A Maliyamu anayamba kulira mokweza, anatuluka. Nkhani inathera pomwepo, popanda woitseka.

Ndimati mwina pambuyo pake andiyankhula. Ayi. Anakakhala kumanda mpaka dzuwa kupendeka.

Lachiwiri, 19 Novembala

Tabwerera ku Lirangwe. Kuseri kwatsala chibuma chakuda, cholimba ngati phula la pamsewu, chomatirira pansi. Khasu likungodumpha. Mvula ikagwa fungo limadzuka. Masamba a mango mbali imodzi anauma.

Chipinda cha apongozi sitinatsegule. Ummi akumagogoda pachitseko, akuti agogo atuluke.

Anzathu onse adzala. Ife munda sitinaugwire.

Ndinapita kumsika. Ngalande ija yadzadzanso ngati sitinaitokose. Mayi wina watenga tisheti yobiriwira ija, akukolopera nayo benchi. Kasitomala anandipempha jumbo. Ndinamupatsa. Ndinalibe mphamvu zofotokoza.

A Goodson aimba kangapo. Amva, kaya kwa ndani. Sindikuyankha.

A Aziz njinga ili m'nyumba, sakupita ku kabaza. Mkono wayamba mafinya. Ndikawasambitsa chilondacho amalola, koma amayang'ana kumbali. Ufa watsala wa pansi pa thumba.

Loweruka, 23 Novembala

M'mawa uno a Aziz anadya phala. Koyamba kumaliza mbale. Anati mawa tikayambe kumunda. Ndinathokoza Mulungu chamumtima.

Kenako phuu, kuseri. Wina waponyanso. Jumbo yaikulu yakuda, yagwera pamalo pomwe panapsa paja, yaphulika. Makoko a mbatata, mapepala amafuta, mabotolo. Za pachiwaya cha tchipisi kumsika.

A Aziz anatuluka, kuiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anatola chimodzichimodzi kubwezera mujumbomo, ndi dzanja lopsalo. Ndinawaitana, bambo a Ummi, sanacheuke. Atuluka pageti atainyamula, opanda nsapato, akulowera kumsika. Nkhope imeneyo sindinaionepo.

Ndimati ndikhale, ndilembe, mtima utsike. Koma kumsika kwayamba phokoso, anthu akuthamangira komweko. Ummi ndimusiye kwa a Ethel