Khonde la Mitengo Itatu

Lolemba, 4 Sepitembala

Ndabwera kwa Bambo kudzalongedza. Adokotala anenetsa kuti asamakhalenso okha. Sabata yatha anasiya mbaula ikuyaka n'kupita kumsika kukafuna Amayi. Amayi amene tinaika m'manda kalekale.

Zovala, mipando, zosavuta. Vuto lili kuseri kwa nyumba. Mitengo ya m'mabokosi, mashelefu onse tho. Anaikumba okha kuphiri chaka chija ankalambula msewu, makatapila asanaigwetse. Ankati iyambe yapuma, igwire mizu, kenako asankhe yoyenera kuiumba kukhala bonsayi, timitengo tokalamba ta m'timiphika tija. Nthawi yosankha yakwana. Mutu wosankhira ndiye wapita.

Khonde la kwanga lingalandire itatu basi.

Lachitatu, 6 Sepitembala

Achimwene pafoni: "Ndi nkhuni chabe izo, mlongo wanga, usadzivutitse." Ndinadula.

Ndayesa kukumbukira zimene Bambo ankandiuza ndili mwana, ndikuwagwirira waya. Kuyamba kuyang'ana pansi, osati masamba. Tsinde lonenepa, mizu yotambalala mbali zonse, khungwa lokhakhala. Ndazungulira mashelefu mpaka msana kuwawa. Ndasankha kachere wopindika ndi mthethe wa khungwa long'aluka. Kaya ndalondola, kaya. Wachitatu ndawasiyira eni ake.

Loweruka, 9 Sepitembala

Ndinawatulutsa Bambo m'mawa, nthawi imene mutu umakhalako bwino. Anayenda pang'onopang'ono, akusisita mtengo uliwonse. Kachere wanga anangomudutsa. Anakaima pa kamkuyu ka pakona. Kouma. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati gwa, kubiriwira kulibe.

"Aka ndiye kabwino, kangogona," anatero.

Ndinati chabwino, Bambo. Ndinakalirira kubafa, nditatsegula mpope kuti asamve.

Lachiwiri, 12 Sepitembala

Kunabwera anzawo a Bambo, aphunzitsi opuma aja ankakwera nawo mapiri, kudzatenga mitengo yotsala. Bambo sanawazindikire. Anawapatsa moni ngati munthu wodzawerenga mita ya madzi. Aphunzitsi anaona kamkuyu, n'kundiyang'ana. Tikukweza mabokosi m'galimoto ndi pamene anandiuza kuti kamtengoko Bambo anakatulutsa mumng'alu wa thanthwe, tsiku lathunthu ali chigwadire, zala zikuchucha magazi, thandizo akukana.

Galimoto itapita Bambo anaima pamashelefu opanda kanthu, n'kundifunsa amene waba mitengo yawo. Ndinawapatsa tiyi. Sanamwe.

Lachinayi, 21 Sepitembala

Tili kwanga tsopano. Mphamvu yolemba inalibepo. Bambo sakudya bwino. Amangofufuza chitseko cha kuseri, chimene kuno kulibe. Dzulo anatsegula kabati ya zovala n'kuima pamenepo nthawi yaitali.

Koma m'mawa uliwonse amathirira kamkuyu kouma kaja, madzi pang'onopang'ono, kuti dothi lisakokoloke. Inayo ndimathirira ine. Mwamuna wanga akuti tipeze kamoyo kofanana nako, tisinthanitse iwo ali mtulo. Amanena ndi mtima wabwino. Ndakana. Khungwa lija amalidziwa.

Achimwene sanaimbe.

Lamulungu, 24 Sepitembala

Kachere waphuka. Timasamba tofiirira, tofewa ngati khutu la khanda. Ndinatenga waya ndi kapulayala ka Bambo, n'kukhala pambali pawo kuyesa kukulunga nthambi yoyamba. Zala zanga zouma, waya wongoterereka. Anandiyang'ana kanthawi. Kenako anagwira dzanja langa, n'kulipendeketsa pang'ono, chala chawo chachikulu chitachirikiza nthambi kunsi kuti isathyoke. Basi zinayamba kuyenda. Mumtima ndinati Bambo anga aja abwerera.

Ndiye anati: "Muli ndi dzanja labwino, mayi. Mwana wanga wamkazi akabwera mudzamuonetse. Amazikonda zimenezi, kungoti ndi wotanganidwa, sapeza mpata."

Ndinati ndidzamuonetsa.

Tinayamba nthambi yachiwiri.