Nthenga Ziwiri za Chisoti cha Bambo

Lolemba, 21 Julaye
Mphepo yozizira yakummwera, tawuni yathu yonse ya Moxos m'mabulangete, ana mamina chuchuchu. Ahedi akufuna mfundo khumi zosangalatsa za mbalame zathu, tipachike pakhoma chikondwerero cha Ignasio Woyera chisanafike. Ndalemba zitatu basi. Mlomo wa tukani ndi waukulu koma wopepuka. Paraba, chinkhwe chachikulu chija, imatha zaka makumi asanu. Ziwiri zikakondana zimauluka limodzi mpaka kufa. Ana akuti akudziwa kale, si zija ziwiri za mu mgwalangwa wouma kuseri kwa sukulu? Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 23 Julaye
Bambo atsitsa chisoti chawo cha gule. Njenjete zadya nthenga ziwiri zapakati, zazitali zija za kumchira kwa paraba. Zaka makumi anayi akuvina ndi chikwanje chamtengo patsogolo pa chifanizo cha Woyera, ndipo bondo likuti chaka chino n'chomaliza. Ndawalonjeza nthenga zansalu, zomwe anzawo ambiri akuvala masiku ano. "Iwe Eulalia, ndikavine pamaso pa Woyera nditavala nsanza?" Sanadye.

Lachisanu, 25 Julaye
Masana onse kudula nsalu, kumata, kupaka utoto. Zala zonse buluu. Zatuluka bwino, kunena zoona. Bambo azigwira, azinunkhiza, aziika pansi. "Mwana wophunzira," atero. Kenaka ndawapeza pakhonde akupukuta mfuti. Akuti ya makoswe. Makoswe ake ati? Ndinali wotopa, sindinafunsenso.

Lachinayi, 31 Julaye
Avina. Chisoti ngati dzuwa likutuluka, zapakati ziwiri zikuwala kuposa zonse. Zanga zansalu zili pansi pa bedi, ndaziona m'mawa posesa. Ndinaima pakhomo la tchalitchi pakati pa anthu, ndinaomba m'manja, ndinalira. Sindinawaonepo okongola chonchi, bondo lija ngati silinadwalepo. Ndimawakonda. Ndawakwiyira kwambiri.

Lolemba, 4 Ogasiti
Mfundo zija zidakali pakhoma, zitatu zomwezo. Kuseri paraba imodzi, kulira kuyambira m'mawa, kuzungulira mgwalangwa. Sindinathe kuphunzitsa masamu ndi phokoso limenelo. Yesenia Muiba, wokhala kutsogolo uja, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, munati mpaka kufa. Nanga yotsalayo imatani?"

Buku lomwe ndinatengamo mfundozo silinena. Ndamuuza kuti ndikafunsa kunyumba.