Utawaleza wa ku Chikala

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Utale tilipo, kungoti tatopa. Chikuikireni m'manda, mvula yagwa yongonyenga fumbi. Tinabzala, chimanga chinamera, n'kupserera chisanafike m'mawondo. Tinabwereza, chimodzimodzi. Mbewu yatsala ndi ya m'nsupa ija munkabisa kudenga. Bambo a Juliyasi akadali ku Joni, kuli zii. Mimba munandisiya nayo ija kunabadwa mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, ndipo akalira ndi waukali ngati eni dzina.

Chimene chikunditopetsa kwambiri ndi utawaleza. Dzuwa likapendeka, mitambo imaunjikana kum'mawa, cha ku mapiri a Chikala, iwo n'kutulukira, wokongola mopanda manyazi. Anthu akuti ndi umene ukumwa mvula yathu, ndipo amayi ena amautukwana ali pamtondo. Aphunzitsi a kumishoni akuti ndi lonjezo la Mulungu kwa Nowa loti chigumula sichidzabweranso. Lonjezo limenelo ndiye akulisunga mopitirira muyeso.

Ine ndimakumbuka inu mukuluka mikeka pabwalo. Mlaza ukauma munkavumata madzi n'kuuwaza ndi pakamwa, dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo kautawaleza kankaoneka m'timadonthomo. Ndikathamangira kutsogolo kwanu kuti ndikagwire, ndinkangonyowa kumaso, iko osakaonanso. Munkaseka n'kunena kuti, "Woona utawaleza ndi amene ali padzuwa, wonyowa sauona." Ndiye ine ndikudziwa kuti sunamwe mvula ya munthu. Ukungondiuza kuti mvula ikugwa m'minda ya ena, ine ndili pouma, ndikuonerera.

Achimwene, kuchikamwini kwawo ku Kasupe, anatumiza mawu akuti apongozi awo atibwereka kamunda. Ndakhala ndikukana. Munkati mwana wamkazi sasiya munda wa amake, komanso manda anu azilambula ndani? Koma mkaka ukundiuma, amayi, ndipo Juliyasi wasiya kusewera, amangokhala pakhonde atagwira m'mimba. Mbewu ya m'nsupayi ndikaitayanso m'fumbi lino, ndataya ndi ana omwe. Sabata ikubwerayi tikawoloka Shire pa Liwonde. Zikundiwawa, ndipo mphamvu zoti ndilire ndilibe. Mundikhululukire.

Kumeneko ndizikadzuka m'mamawa, dzuwa likadali pansi kumsana kwanga, n'kuyang'ana kumadzulo kuno. Tsiku limene ndidzaone utawaleza mbali ino ndidzadziwa kuti mukunyowa, ndipo ndidzabwera ndi khasu.

Ndimakukondani, amayi. Ndine mwana wanu,

Esinati