Pepala la Masamu a Enifa

Lolemba, 9 Disembala 1957

Mwana wanga Enifa wafika ndi basi ya masana, watsikira pa Chinakanaka. Watalika. Wabwera ndi pepala lochokera kwa ahedi a kusekondale kwawo. Akuti asanalowe Fomu 3 asankhe: masamu wamba okha, kapena awonjezerepo ena ovuta amene iwo amawatcha Adishono. Akatenga Adishono ndiye kuti asiya phunziro la zapakhomo, la kusoka ndi kuphika lija, poti ziwirizi zimaphunzitsidwa nthawi imodzi. Pansi pali mzere umodzi wosainapo bambo kapena womulera. Pepalalo likafike kusukulu pasanakwane pa 21.

Ndaliwerenga kawiri pamaso pake, mutu ndikugwedeza ngati ndikumva. Ndati tiona. Ndaliika m'Baibulo.

Lachiwiri, 10 Disembala

Ana anga a Sitandade 3 ndangowasiya aziimba okha matebulo a masamu. Mtima uli pa pepala.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikuphunzitsa masamu. Kuphatikiza, kuchotsera, kugawa kwakutali, mayadi ndi mafiti. Kalata ya Chingerezi ikafika m'mudzi muno, aliyense amathamangira kwa ine, aphunzitsi a Samueli. Koma Adishono n'chiyani? Kumene ndinaphunzira uphunzitsi sitinamvepo dzina limeneli. Ndifunse ndani osadzivula?

Lachitatu, 11 Disembala

Alamu anga a Lackson, achimwene awo a amake Enifa, abwera madzulo kuchokera ku esiteti kumene ali kapitawo wa otchola tiyi. Nkhani yawapeza kale. Sanadikire ndi madzi akumwa omwe.

"Alamu, mwana wamkazi masamu a mainjiniya akatani nawo? Kusoka amakhala woyamba m'kalasi. Atenge chimene amakhoza, apeze satifiketi yake, alowe unamwino. Tisamuponye m'madzi akuya."

Ndati pepala likufuna dzina la bambo. Aseka. "Azungu ndiwo alemba bambo. Kuno mwana ndi wa mbumba yanga."

Sananame. Mudzi ndi wawo, munda ndi wa akazi anga, ine ndine mkamwini, kaya ndikhale zaka zingati. Kenaka asinthira ku Chilomwe ndi mlongo wawo, mothamanga, kuti zina zindipite. Ndagwirako dzina la Enifa ndi liwu loti manyazi. Amake amangopeta mphale, osatukula mutu.

Chimene chikundivuta n'chakuti mwina alamu akunena zoona.

Lachinayi, 12 Disembala

Mvula tsiku lonse. Denga la kalasi likudontha pa bolodi penipeni. Phiri silinaoneke.

Lachisanu, 13 Disembala

Tatsekera sukulu.

Masana ndamuitana E. pakhonde. Ndati bwera ndi buku lako ndikuyese, ndione ngati ungawathe masamu akuluakuluwo. Wabwera ndi buku lachikuto chobiriwira limene anamubwereka aphunzitsi ake. Kutsegula, malembo ambiri kuposa manambala. Ndangoloza funso limene chala chagwerapo, nambala 14.

Walemba theka la tsamba osapuma, lilime lili pakona pakamwa monga ankachitira ali wamng'ono. Yankho lake 3, koma ndi kamzere kutsogolo. Ndafunsa kamzere n'kachiyani. Akuti ndi nambala yochepera ziro.

Ndati, "Apa walakwitsa. Munthu angakhale ndi mbuzi zochepera ziro?"

Wandiyang'ana pang'ono. Wati, "Chabwino, ababa." Watenga labala, wafufuta kamzere kaja.

Ndinamva bwino panthawiyo. Tsopano sindikudziwa chifukwa chake mtima sukukhazikika.

Loweruka, 14 Disembala

Ndapalasa njinga mpaka ku Likhubula kukaona Morris, amene ndinamuphunzitsa kale, pano ndi kalaliki kwa a zankhalango. Iye anafika kusekondale. Tayala linaphwa pa Chitakale, ndataya ola lathunthu ndikumata. Pofika ndapeza anthu akutsika m'phiri ndi matabwa a mkungudza pamutu, iye akuwalemba mayina. Wandipatsa mpando wake, iye wakhala pa bokosi.

Ndimayembekeza kuti anena liwu limodzi, inde kapena ayi, ine ndibwerere ndi mtima umodzi.

Wati, "Aphunzitsi, ine amene anandigwetsa ndi Adishono yemweyo. Tinayamba khumi ndi awiri, pofika mayeso a Kembiriji tinatsala asanu, anakhoza awiri. Anandidyera nthawi yonse mpaka ndinalephera ndi Chingerezi chomwe. Satifiketi sindinaione. Ndi chifukwa chake ndikuwerenga matabwa."

Ndafunsa za awiri aja. Wina akuti ali ku koleji kunja kwa dziko, wina amayeza malo, amayenda ndi anthu omunyamulira zida. Ndafunsa ngati anaonapo mtsikana m'kalasi imeneyo. Wapukusa mutu.

Ndikukwera njinga ndafunsa ngati zongocheza, kodi nambala yochepera ziro iliko? Wati, "Iliko, aphunzitsi, zimenezo ndi za Fomu 1." Wawonjezera kuti mabuku amenewa mayankho amakhala kumapeto.

Njira yobwerera sindikuikumbukira. Miyendo ikuwawa.

Lamulungu, 15 Disembala

Enifa ndi amake akusamba kukonzekera kutchalitchi, ndatsegula kumapeto kwa buku. Nambala 14. Atatu, kamzere kali pompo.

Ulaliki sindinaumve. Potuluka mkazi wa alamu wandipatsa uthenga: a Lackson abwera Lachinayi kudzaona pepala litasainidwa.

Lolemba, 16 Disembala

Kupalira chimanga. Udzu wakula ngati sitinalime.

Ndatenga cholembera kawiri, kawiri konse ndabweza. Ndikalemba masamu wamba, mudzi uli phee, mwana apeza satifiketi, mwina. Ndikalemba Adishono ndikuona Morris pa bokosi paja, koma atavala diresi.

Ndadutsa kuseri kwa khitchini ndamva amake akumufunsa kuti iweyo ukuti bwanji. Iye, "Ababa ndiwo akudziwa choyenera." Bola akanangondimenya ndi mpini.

Lachiwiri, 17 Disembala

Kumunda tinatsala awiri, ine ndi Enifa, amake atapita kukatunga madzi. Ndinaimika khasu.

Ndati, "Enifa, funso lija unakhoza. Wolakwa ndine. Buku lako lija sindimvamo kanthu, kuyambira tsamba loyamba."

Sanasiye kupalira. Wati, "Ndinadziwa, ababa."

"Nanga unafufutiranji?"

"Amayi anali pafupi, amamva."

Ndakhala pansi pamzere pomwepo, thalauza lonse matope. Masiku asanu ndi atatu pepala lili m'nyumba, ndafunsa mtima wanga, ndamvera alamu, ndapalasa mpaka ku Likhubula, koma mwini wake sindinamufunse. Ndamufunsa lero.

Wayankha pang'onopang'ono. "Ndikufuna Adishono. Ndikuopa. Ndidzakhala mtsikana ndekha m'kalasimo, anyamata ayamba kale kunditcha Injiniya ndikamadutsa. Mwina ndilephera. Koma kusoka ndimakhoza mutu uli kwina. Masamu ndikawayamba sindimva ndi belu lomwe."

Ndamuuza za Morris, zonse, osachotsapo. Khumi ndi awiri, asanu, awiri. Matabwa. Ndamuuzanso kuti akakakamira pa funso, kunyumba kuno palibe womuthandiza. Wamvetsera mpaka kumapeto, wati ndamva, watenganso khasu. Sanasinthe maganizo.

Lachitatu, 18 Disembala

Ndasaina m'mawa. Adishono. S wa dzina langa watuluka wokhota ngati wa mwana wa Sabu A, wongoyamba kumene sukulu.

Sindinadikire Lachinayi. Ndapalasa mpaka ku positi ofesi ku boma. Ndaima pa bokosi la makalata nthawi yaitali, mpaka mesenjala wina wandifunsa ngati ndikufuna wondiwerengera adiresi. Ndaponya. Kalata itagwa mkati ndabwerera ndikukankha njinga mpaka pa Chitakale.

Amake E. ndawauza nditafika. Anali akuyanika ufa pamphasa. Ati, "Mwasaina musanawauze achimwene?"

Ndati inde.

"Nanga ine?"

Sindinaganizeko n'komwe. Sanandilankhulenso. Chakudya wandibweretsera ndi Enifa.

Lachinayi, 19 Disembala

Kutangocha amake avala nsalu yawo yopitira kutchalitchi. Ayima pakhomo, nkhope kumbali. "Ndikupita ku esiteti. Achimwene asavutike kubwera kuno." Ndati ndikuperekezeni pa njinga. Akana.

Tsiku lonse ndangozungulira. Ndakonza mpando wothyoka, ndauthyolanso. Ndapita kumsewu katatu. Enifa wasesa bwalo losesedwa kale. Mvula yayamba cha m'ma 2 koloko.

Amake afika dzuwa litapendeka, atanyowa mpaka mkati, tsamba la nthochi lili pamutu lopanda ntchito. Akhala pakhonde, akufinya mpango. Ndadikira. Kenaka ndafunsa.

"Akuti pakhomo pano sapondapo mpaka mayeso adzatuluke. Akutinso mwana akadzalephera, mudzamange mabuku anu pa njinga mubwerere kwanu ku Chiradzulu."

"Inu mwati chiyani?"

Afinyanso mpango, madzi ali chuu pansi.

"Ndati ku Chiradzulu nanenso njira ndikuidziwa."

Aimirira kuti akasinthe. Pachitseko atembenuka, andiyang'ana koyamba chichokere dzulo.

"Koma mukadzasainanso kanthu osandifunsa, mudzapita nokha."

Ndati ndamva.