Anandisambitsa, Kenako Anakapereka Umboni

Azakhali okondedwa,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno tilipo, mwana wayamba kukwawa.

Mukuwakumbukira mayi a kwaya aja munkati ndi mngelo? Nditagona milungu itatu osadzuka, ndiwo ankabwera kudzandisambitsa. Ankayamba apemphera chamumtima, atatsinzina, mpaka madzi m'beseni kuzizira. Ndikachita manyazi kuvula, ankati, "Mwanawe, ndikamapukuta msana wakowu ndimakhala ndikupukuta mabala a Yesu. Zimenezi n'za Iye ndi ine basi." Ndinawakhulupirira, azakhali. Ndinawalola kuona zomwe ngakhale inu sindinakuonetseni.

Lamlungu lapitali anaimirira kutsogolo m'tchalitchi kupereka umboni wa chikondi chawo. Dzina langa sanatchule, koma anafotokoza chipsera chilichonse ndi pomwe chili, mpaka cha lamba wa amuna anga. Anthu anawaombera m'manja, ena akundicheukira. Bambo a mwana anali pambali panga, akumva zonse.

Kupemphera sindinasiye, koma masiku ano ndimayamba ndakhoma chitseko.

Ngati kachipinda kanu kosokera kaja kakadalibe munthu, mundiuze msanga. Chonde musayankhire pa foni ya bambo a mwana.

Ndine mwana wa mchimwene wanu.