Ndinadula chubu cha amuna anga, ulendo wa ku Sandwe wayandikila

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wopuma, wa zaka 61. Amuna anga, a Sitali, ali ndi 64, ndipo takhala m'banja zaka 38. Ndikulemba mtima uli m'malo koyamba chiyambile Epulo, koma pali kanthu kamene ndinachita.

Loweluka lililonse, maulendo khumi ndi anayi, iwo amatuluka panjinga m'mawa ndi thumba lodzaza pa kaliyala, kulowela njila ya ku Kaumbwe. Amabwela dzuwa litapendeka, malaya atanyowa, thumba lopanda kanthu. Ndikafunsa amati akuwongola miyendo. Masiku ano a mizele ya unga, mwamuna wotele mungamuganizile chiyani? Ndinayeza unga wathu ndi kapu, sunali kuchepa. Ndinati basi, akugula mobisa, akudyetsa nyumba ina.

Loweluka la khumi ndi chitatu ndi mkwiyo ndinatenga chubu chatsopano cha njinga chimene mwana wathu Eustace anatumiza kuchokela ku Kabwe atachifuna miyezi isanu. Ndinachidula ndi lumo, panatuluka mphila 22 zomangila nkhuni. M'kabokosi kake ndinaikamo nsanza n'kukabwezela pamwamba pa kabati.

Loweluka lotsatila ndinamasula thumba lija iwo akupopa tayala. Munali mchenga.

"Amake Eustace, ndiye mwandigwila," anatelo akuseka. Ananditengela kwa a Josiah owotchelela zitsulo, n'kundionetsa mtanda wachitsulo wolembedwa Namakau. Ameneyo ndi mwana wathu wotsiliza, amene anamwalila ndi chikuku mu 1966 tikuphunzitsa kupitilila ku Sandwe. Pa 9 Ogasiti zikwana zaka makumi awili, ndipo pamanda pake palibe chizindikilo. Mchengawo unali wolemela mofanana ndi mtanda pamodzi ndi theka la thumba la simenti. Amauzolowela kuti adzapite ndi mtandawo kumanda panjinga, ndipo pobwelela amaukhuthula kuti miyendo ipume.

Ndinati, "Nanga osandiuza bwanji?" Iwo anati, "Mukanawelenga zaka zanga n'kubisa pampu." Ndinalila, ndinasekanso.

Tsopano ulendowu tikukonza limodzi. Mwa kuwelenga kwanga ndi mamailosi 58 kudzela ku Sasare, masiku atatu kupita, zitunda zazikulu zisanu ndi chimodzi, mitsinje inayi. Tili ndi masipoko asanu, zigamba khumi, nsawawa zokazinga mabotolo awili. Dzulo tikulemba katundu anandiuza kuti, "Lembani chubu chimodzi chatsopano." Aphungu, ndinalemba. Chubu chimene chili kumbuyo kwa njinga chili ndi zigamba zisanu ndi zinayi kale, ndipo m'masitolo muno mulibe china.

Kwatsala masiku 23. Ndiwauze, adziwe zimene ndinawaganizila? Kapena ndifune china mwakachetechete?

J. S., Petauke


Amai J. S.,

Pumani kaye. Makalata ambili oyamba ndi thumba pa kaliyala amathela kwa ankhoswe kapena ku khoti. Yanu yathela kwa owotchelela zitsulo. Banja lanu lili bwino, chawonongeka ndi chubu chokha.

Auzeni lelo. Tengani mphila zonse 22, muziike patebulo pambali pa kabokosi, munene zimene munachita ndi chifukwa chake. Musatalikitse, ndipo musayambe ndi "inunso munandibisila", ngakhale ndi zoona. Akwiya. Munthu wosenza mchenga milungu khumi ndi inayi chifukwa cha mwana wake, n'kumva kuti amamuyesa wachimasomaso, ayenela kuwawidwa. Aloleni akwiye tsiku limodzi kapena awili. Masiku 23 ndi okwanila kukwiya ndi kufuna chubu, koma mukadikila mpaka atsale atatu sakwanila chilichonse.

Mukatelo funani awili. Pitani kwa alangizi a zaulimi, akatekisti ndi aphunzitsi anzanu akale. Anthu oyenda panjinga sataya chubu chakale, ndipo akamva kumene mtandawo ukupita satseka chitseko. Mupeze ziwili, muzimate, muzipope n'kuziviika m'beseni kuti muone ngati zikutulutsa mpweya. Lembelaninso Eustace, koma musadalile positi. Mphila zanu zija asazisiye. Zimanga katundu kuposa chingwe, ndipo tayala likang'ambika amalikulunga nazo mpaka pamudzi wotsatila.

Kuwelenga kwanu ndakukonda, koma mwasiya zinthu zingapo. A Sitali azolowela njila ya ku Kaumbwe, imene si ya miyala ngati yotsikila ku chigwa cha ku Sandwe. Ndi katundu kumbuyo, njinga imathawa pa mtsetse ndipo mabuleki satha kuigwila. Pa zitunda zanu zisanu ndi chimodzi atsike, akankhe, pokwela ndi potsika pomwe. Muwelenge masiku anayi, osati atatu. Mitsinje inayiyo mu Ogasiti ingakhale mchenga wokhawokha, choncho madzi anyamule ndipo adzaze pa chitsime chilichonse. Asayende okha, apeze mnzawo wodziwa njilayo, ndipo kufupi ndi chigwa afunse eni mudzi za njovu asanapitilile. Khadi la chipani ndi kalata ya atcheyamani zikhale m'thumba la malaya, chifukwa mlendo wonyamula chitsulo chokulunga m'saka amafunsidwa mafunso. Usiku agone pa masukulu.

Simenti isakwele njinga. Ino ndi nyengo yogula thonje, funsani lole yopita kumeneko. Ndipo inu amai mukwele lole yomweyo. Pa mndandanda wanu wonse sindinaonepo dzina lanu, pamene Namakau munabeleka ndinu. Iwo afike panjinga monga afunila, akupezeni mutasesa kale pamandapo.

Chenjezo langa ndi ili. Musayese kupeza chubu china mobisa n'kuchilowetsa m'kabokosi ngati palibe chinachitika. Mukalephela, a Sitali adzatsegula kabokosiko ali pakati pa mapili, tayala litaphwa, n'kupezamo nsanza. Mukapambana, mudzaima nawo pamanda a mwana wanu iwo akupemphela, inu mukuopa kuwayang'ana m'maso. Tsitsani kabokosiko musanaphike chamasana.

Aphungu